Zitenje pa Lamborghini

Pa Mlare panalibe amene sankadziwa kuti Ambokile ndi Che Zubairi amakangana tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti chimene amakanganiracho palibe mwa awiriwo anachionapo ndi maso.

Che Zubairi anabwera kuchokera ku Mangochi tsitsi likadali lakuda, n'kutsegula sitolo ya zipangizo za njinga zamoto m'mbali mwa msewu waukulu. Ambokile anali mwana wa pompo, mlimi ndi woweta ng'ombe, munthu wa mawu ochepa kupatula pa nkhani imodzi. Dzuwa likapendeka, ng'ombe zikalowa m'khola, ankabwera kudzakhala pa benchi ya pakhonde la sitoloyo. Che Zubairi ankatulutsa foni, awiriwo n'kugundanitsa mitu kuonera mavidiyo a magalimoto a liwiro a ku Italy. Mtendere unkathera pamenepo.

"Galimoto ndi Ferrari, achimwene," Che Zubairi ankayamba motero. "Zinazi ndi ngolo zopaka penti."

"Ngolo? Lamborghini yanga ija, masilinda khumi ndi awiri, mukuti ngolo? Yanu ili ndi asanu ndi atatu. Mpaka anachita kuiikira matebo opopera mpweya mu injini kuti izipuma bwino, ngati nkhalamba ya mphumu."

"Ndi yopepuka! Kaziikeni zonse pa makona a Chiweta muone. Yanuyo ndi chimtolo, pokhota imayamba yapempha chilolezo."

"Yanga imakoka ndi matayala onse anayi. Yanu awiri akumbuyo okha. Akutsogolowo amangoperekeza ngati alendo a paukwati."

"Hatchi, achimwene! Taonani chizindikiro chake, hatchi itaima ndi miyendo iwiri!"

"Hatchi munaionapo kuti ku Mangochi inu? Ine nkhunzi ndimaidziwa. Munthu amene anaika nkhunzi pamphuno pa galimoto yake ndi munthu woti tikhoza kudya naye mbale imodzi."

Akabaza oima pafupi ankagawikana, ena kwa hatchi, ena kwa nkhunzi. Koma mkanganowo unkafika pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pa kulira kwa injini. Ambokile ankazindikira ng'ombe zake zonse ndi khutu, zili kutali kudambo, ndipo ankati nkhunzi siiweruzidwa ndi ubweya ayi, koma ndi mawu. Tsono kafoni ka Che Zubairi kankaliza magalimoto onse mofanana, ngati udzudzu wolowa m'botolo.

"Kafoni kanuka kakuikanyanga pakhosi," ankadandaula. "Tsiku limene ndidzaimve ndi makutu angawa, nkhaniyi idzatha."

"Mudzaimvera kumwamba," Che Zubairi ankayankha. "Ngati kumeneko kuli tala."

Panali chinthu china chimene Ambokile sankakangana nacho ndi munthu. Mwana wake Brighton anakwatira Ipyana, mtsikana wogwira ntchito ku kampani ina yoombola katundu pa chipata cha Songwe. Pa mwambo wa makolo a Ambokile, mkamwana ndi apongozi aamuna amathawana. Saonana nkhope, salankhulana, sakumana panjira. Mabanja ambiri anali atausiya mwambowu, ndipo abusa anali atalalikirapo kuti uthe, koma Ambokile anapeza bambo ake akuusunga, ndipo Ipyana nayenso anakulira m'nyumba yousunga. Akabwera pa Khrisimasi ankalowera njira ya kuseri, chitenje kumutu, ndipo Ambokile ankatsokomola mokweza asanalowe pabwalo pake pomwe. Mkamwana wakeyo ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: mbalagha imene ankaphika, nthochi zake zosaphwanyika nyama ili yofewa, ndi kuseka kwake kuseri kwa mpanda.

Tsikulo linali la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ambokile anali pansi pa mtengo wa mango akusema goli latsopano pamene foni inalira m'thumba.

"Achimwene! Siyani zonse!" Anali Che Zubairi, mawu akuchita kuthyokathyoka. "Zabwera!"

"Zabwera ziti?"

"Zonse ziwiri! Yanu ndi yanga! Zili pa thiraki, pakhomo panga penipeni! Wallahi, ndikanama ndife lero. Thamangani, dalaivala akuti sachedwa!"

Ambokile anaponya kasemasema pansi. Anthu amene anamuona tsikulo amati sanadziwe kuti bambo uja amatha kuthamanga. Anadumpha mizere ya chinangwa, nsapato imodzi inatsala pa ngalande, anaibwerera, anaivala akudumphira mwendo umodzi. Msewu wonse unali ukukhamukira kumodzi: akabaza, amayi ogulitsa usipa wa ku Ngara mabeseni ali pamutu, telala tepi ili m'khosi, wometa ndi kasitomala wake mutu wometedwa mbali imodzi.

Thirakiyo anaionera patali. Inali yaitali, yotseka ndi malona m'mbali, ndipo lona la mbali ya kumsika linali litapindidwa m'mwamba. Pamwamba pa mitu ya anthu panaoneka kufiira kumbuyo, ndipo kutsogolo kwake chikasu chowala ngati papaya wakupsa. Anaonjezera liwiro.

Kenaka wina anamugwira malaya. Anali mkazi wake, Eliness, atatambasula manja ngati wotchinga mbuzi.

"Bwererani, bambo a Brighton! Musadzutse maso!"

"Iwe, ndisiye! Sukuona?"

"Mkamwana wanu ali pamenepo. Ndiye akuperekeza katunduyo ku Lilongwe. Makiyi ali m'manja mwake."

Miyendo ya Ambokile inaima yokha. Anatembenuka msangamsanga, chipewa anachikokera kumaso, n'kuzungulira kuseri kwa sitolo ya Che Zubairi. Kumeneko anakhala pa chigubu cha oyilo chopanda kanthu, pakati pa matayala akutha, akupuma wefuwefu. Khoma limodzi lokha la njerwa ndilo linali pakati pa iye ndi galimoto imene anakhala akuiteteza zaka zonsezi.

"Muuze apite kumsika pang'ono," ananong'oneza. "Akagule ngakhale tomato."

"Sangachoke," Eliness anatero. "Mabwana ake anamulamula kuti asatalikire katunduyo, makiyi asapatse munthu, ngakhale dalaivala. Mukufuna mwana achotsedwe ntchito?"

"Nanga aimiranji pano?"

"Akuti matayala atentha, ndiye dalaivala akumangitsanso malamba." Eliness anamuyang'ana chammbali. "Kuchokera ku Songwe konse kuja, matayala n'kudzatenthera pa Mlare, pakhomo pa Che Zubairi. Inu ganizani."

Ambokile anangoyang'ana pansi.

Posakhalitsa Che Zubairi anatulukira pakona, kofia ili pambali, thukuta lili kamukamu.

"Mukutani kuno ngati wothawa msonkho? Tiyeni!"

"Sindingathe. Mukhale maso anga, Che Zubairi. Pitani mukaione, mudzandiuze. Koma zoona zokhazokha."

Che Zubairi anapita, nabwerera akuseka. "Ndi yaifupi, achimwene. Imandilekeza m'chiuno. Nkhunzi yanji yofupika ngati fulu?"

"Yanu ndi yaitali?"

"Yanganso ndi choncho, koma yanga imakhala bwino ikafupika."

"Pitani mukaone kumbuyo. Injini ikuoneka?"

Anapitanso. Ulendo uno anabwera akuyenda pang'onopang'ono. "Ikuoneka, pansi pa magalasi. Ndi yaikulu." Anameza malovu. "Matayala akumbuyo ndi otambalala ngati mtondo wogoneka. Thupi lake lonse ndi makona okhaokha, ngati anachita kusema ndi nkhwangwa yakuthwa. Sindikuti ndi yokongola. Ndikungonena zimene ndaona."

"Nkhunzi ilipo pamphuno?"

"Ilipo. Yagolide. Yaweramitsa mutu ikufuna kugunda munthu."

Ambokile anatseka maso. Kutsogolo kwa sitolo anthu anali kukuwa, kujambula, kukankhana. Aliyense wa pa Mlare, ngakhale amene sankadziwa kusiyana kwa Lamborghini ndi thirakitala, anali kudyetsa maso. Che Zubairi anamuyang'ana mnzakeyo kanthawi, kenaka anamenya m'manja.

"Zachibwana izi! Dikirani."

Ambokile asanamufunse, anamva mawu ake akukuwa kutsogolo: "Mayi Ipyana! Tabwerani kuno mwanangu, apongozi anu ali kuseriku, mungopatsana moni nkhani ithe!"

Kunamveka mkuwo wa amayi ngati nyumba yapsa. Beseni la usipa linagwa. Ambokile anadzambatuka n'kulowa m'kachipinda kosungira katundu, mutu n'kugunda pa mafoloko a njinga opachikidwa kudenga. Kunja Eliness anali atamugwira Che Zubairi pamkono.

"Che Zubairi, zaka zonsezi mukumwa madzi a kuno simunaphunzire? Mwana wathawira kuseri kwa thiraki, wadzifunditsa jekete kumutu! Safunsa anadya phula, bambo inu!"

"Pepani, mayi. Kwathu mkamwana amakupatsa madzi m'manja..."

"Kuno si kwanu!"

Pamenepo dalaivala wa thirakiyo, Shafiki, analiza hutala. "Haya, haya, twende, tiyeni tizipita!" anakuwa. "Chiweta ndikufuna ndikwere kukadali kowala. Tsitsani lona!"

Ambokile anamva mawuwo ali mu mdima wa kachipinda kaja, akusisita chotupa pamphumi. Anaganiza zongotuluka. Kutuluka basi, maso pa chikasu chija, osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Ndani angamumange? Koma anadziwa kuti manyazi sakanagwera iye. Akanagwera mwana uja, amene anasunga ulemu wake zaka zonsezi osaphonya ngakhale tsiku limodzi, pamaso pa msika wonse. Anakhalanso pansi pa katoni ya machubu.

Chitseko chinatseguka. Anali Che Zubairi, ulendo uno akulankhula motsitsa ngati munthu wotumidwa.

"Mkamwana wanu wandituma kudzera kwa mayi a Brighton. Akuti wapempha dalaivala adikire pang'ono. Waimbiranso bwana wake, ndipo amulola kuliza injini imodzi yokha, kamodzi, poti mafuta anaikamo ochepa. Iye alowa m'galimoto imene ailizeyo, amayi aphimba magalasi ndi zitenje, inu mutuluke. Wafunsa kuti alowe iti."

"Mukufunsanso? Kamuuzeni!"

"Ndikamuuza." Che Zubairi anaima pakhomo, akukonza kofia. "Imodzi yokha, achimwene. Kamodzi."

Atapita, m'pamene Ambokile anazindikira chimene wachita. Watuma fisi kukasunga mbuzi. Munthu uja nayenso wakhala zaka zonsezi akulota kulira kwa hatchi yake, ndipo mwayi wake ndi womwewu. Akakangonena kuti apongozi akuti mulize yofiira, adzamutsutsa ndani? Ipyana sangabwere kudzafunsa. Ambokile anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Kunja kunamveka anthu akufuula pamodzi, "Eeeee!" kenaka kuseka kwa amayi, kenaka phokoso linayamba kuzilala.

"Tulukani, bambo a Brighton," anaitana Eliness. "Njira yayera."

Anatuluka. Anthu anapatuka okha kumupatsa njira. Anayenda maso ali pansi mpaka anaona matayala a thiraki, ndipo pamenepo anadzutsa mutu.

Yofiira inali kumbuyo, magalasi ake ali poyera, mkati mopanda munthu. Yachikasu inali itavala zitenje. Pagalasi lakutsogolo panali chitenje cha Umanyano wa amayi a kutchalitchi, m'mbali china cha maluwa obiriwira, china cha nkhanga, ndipo amayi anayi anali atakwera pa thirakiyo atagwira m'makona kuti mphepo isaulutse, akusamala kuti zibangili zisakhudze penti. Che Zubairi anaima pafupi ndi yofiira ija, manja kumbuyo, akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Shafiki anamutambasulira dzanja. "Kwerani, mzee. Koma osatsamira."

Ambokile anakwera. Inalidi yaifupi. Inali yotambalala kuposa mmene foni inkaonetsera, yogwada pansi ngati chilombo chobisalira. Anaizungulira chammbali, mimba ataikokera mkati. Anasuzumira injini pansi pa magalasi ake. Atafika kutsogolo anagwada, naiona nkhunzi ija, yaing'ono ngati chala chachikulu, mutu uli pansi, mchira m'mwamba. Anapukuta dzanja pa thalauza, koma sanaikhudze. Kenaka anabwerera kumbuyo kwake, kumene mawu amatulukira, anavula chipewa, natsokomola mokweza monga ankachitira polowa pabwalo pake.

Mkati mwa zitenje munamveka kachitsulo kakuti tcha. Kenaka kulira kopyapyala, kofulumira, ngati chinthu chikukoka mpweya.

Ndiye inabangula.

Malata a sitolo ya Che Zubairi ananjenjemera. Nkhuku zinabalalika, mbuzi inadula chingwe, akabaza awiri anagwera pa njinga zawo. Mayi wogwira chitenje cha nkhanga anakuwa "Yesu wanga!" koma sanachisiye. Ambokile anaimva m'mapazi poyamba, kudzera m'zitsulo za thiraki, kenaka m'mawondo, kenaka m'chifuwa. Mawuwo anatsika n'kukhazikika pansi, okhuthala, osathamanga, ngati nkhunzi imene ikudziwa kuti m'khola mulibe inzake. Kenaka Ipyana anaponda pang'ono. Mawu anakwera, anang'ambika, anasanduka mfuu yakuthwa imene inadutsa msika wonse mpaka kumapiri, ndipo potsika inaphulika pha! pha! ngati nsungwi pamoto.

Kutsidya kwa msewu, ng'ombe ya munthu wina yomangidwa pa ngolo inadzutsa mutu n'kuyankha.

Msika wonse unagwa nako kuseka. Nthungululu zinalira. Ambokile anapezeka akuseka nawo, kukamwa kuli yasa, chipewa atachifinya m'manja. Anatembenukira kwa Che Zubairi kuti amukuwire kanthu, koma anapeza mnzakeyo atatseka maso, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono ngati akumva nyimbo.

Injini inazima. M'makutu munatsala kulira.

Ambokile anayang'ana chitenje cha Umanyano chija. Kuseri kwake, mwina mikono iwiri kuchokera pamene anaima, kunali munthu amene anaimitsa thiraki yonseyi chifukwa cha iye. Chikwatiwire sanayandikanepo chonchi. Anakonza kukhosi, nayang'ana kwa mkazi wake amene anali pansi.

"Eliness," anatero mokweza kuposa mmene kunafunikira, "umuuze mbusa wa ng'ombe iyi kuti ndaga fijo, zikomo kwambiri. Umuuze kuti ndamva."

Eliness asanatsegule pakamwa, hutala ya galimotoyo inalira kamodzi, mwachidule.

"Twende jamani!" Shafiki anaomba m'manja. "Mzee, tsikani, mayi atuluke."

Ambokile anatsika, navala chipewa, nayamba kuyenda kulowera kwawo, msana ku thiraki. Che Zubairi anamuthamangira. Atayenda pang'ono, kumbuyo kunamvekanso kufuula kuja, "Eeeee!" ndipo Ambokile anadziwa chimene chikuchitika. Chitseko. Chitseko chija chotsegukira kumwamba, chimene anakhala akumunyaditsa nacho Che Zubairi chaka ndi chaka, chinali kukwera kuti Ipyana atuluke. Khosi linamuyabwa. Analiumitsa.

"Che Zubairi, tembenukani. Chakwera?"

Che Zubairi anayamba kuyenda chambuyo pambali pake. "Chakwera."

"Bwanji?"

"Mwakachetechete. Chaima chilili, ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho."

"Chokongola?"

"Achimwene, musandikakamize kuchimwa kawiri tsiku limodzi."

Anayenda choncho, wina choyang'ana kutsogolo, wina choyang'ana kumbuyo, mpaka anamva lona likutsitsidwa ndi thiraki ikukoka kulowera ku Ngara. Pamenepo m'pamene Ambokile anaima.

"Bwanji simunamuuze kuti alize yanu? Sindikanadziwa msanga."

"Ndinaganizapo," Che Zubairi anavomera. "Kuchokera pakhomo paja mpaka pa thiraki ndinaganizapo kwambiri. Koma ndinaopa. Yanga ikanalira, inu mukanakomoka, ndiye ine ndizikangana ndi ndani?"

"Ndiye mwavomera kuti yanga ndi yoposa."

"Ndavomera kuti ili ndi pakamwa. Kodi yanga mwaimva?"

"Ayi."

"Ndiye mlandu ungathe bwanji mboni imodzi isanalankhule?"

Eliness anawapeza akadali pomwepo, chitenje chake chimene chinaphimba nawo galimoto ija chili paphewa. Ambokile anachiyang'ana, nachigwira pakona pang'ono, nachisiya.

"Kathole kaja kanabadwa mwezi watha," anamuuza, "umuuze Brighton kuti n'ka mkazi wake. Kazikulira m'khola mwathu, koma n'kake."

"Kati?" anafunsa Che Zubairi. "Kofiira kaja, kothamangathamanga?"

"Komweko."

"Kofiira, kopepuka, kokhota msanga." Che Zubairi anakonza kofia yake bwinobwino. "Achimwene, dzina la kathole kameneko ndili nalo kale."

"Mukangoyerekeza," anatero Ambokile, ndipo anakhotera ku benchi, ngakhale ng'ombe zinali zisanalowe m'khola.